Mphindi Zinayi Zimene Ndinadula

Mwayatsa kale kamakina kanuko? Chabwino. Maikolofoniyo isendezeni kuno, kutali ndi mbaula, chifukwa makala akamathetheka amalowa m'mawu ndipo kuwachotsa n'kovuta. Musadabwe, ntchito yanuyi ndinaigwirapo zaka zisanu ndi chimodzi. Tembenuzani chimanga icho chingapserere. Koma tisanayambe, nonse awiri mundilonjeze chinthu chimodzi: zimene ndinene pano musakadulepo kanthu, ngakhale kutsokomola. Mukuseka, achemwali? Inenso kale ndinkaseka chomwecho.

Dzina langa ndine Wyson Kadzakumanja. Kwathu ndi ku Ntcheu, nyumba ndimachita lendi ku Chirimba mu Blantyre, ndipo mkazi wanga Felesiya ndi mwana wathu wamkazi Yankho ali komweko. Kuno ku Phalombe ndilibe m'bale, ndilibe munda, Chilomwe sindimva. Komatu ndatha miyezi isanu ndi itatu ndili m'mudzi muno. Chimene ndikufuna pa moyo wanga n'chimodzi basi, kubwerera kunyumba kwanga.

Ndinali ndi podikasiti yanga, dzina lake Akwathu Kutali. Ndinkaimbira foni pa intaneti Amalawi okhala kunja, iwo n'kumandiuza za moyo wawo, ine n'kumajambula. Situdiyo inali kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa nyumba. Makoma ndinawamata mathireyi a mazira, pawindo ndinakhomerapo matiresi akale kuti phokoso la kunja lisalowe. Munali mdima ngakhale masana, ndipo ukatseka chitseko sunkamva ngakhale tambala wa aneba.

Netiweki yathuyi mukuidziwa, munthu ali pakati pa nkhani mawu amangoduka. Choncho ndinali ndi njira yanga. Tikamacheza, aliyense ankajambula mawu ake pafoni yake, ine kuno iye uko. Tikatha ankanditumizira fayilo yake, ine n'kulumikiza ziwirizo pa laputopu, ndipo womvera ankangoyesa tinakhala pa mkeka umodzi. Kenako kudula. Apa ndiye ndinkadzitama, sindibisa. Kutsokomola, kupuma, ma "eeh" ndi ma "kaya", malonje ataliatali aja ofunsa mpaka mbuzi, zonse ndinkasesa. Omvera anga anali anthu a bandulo ya tsiku limodzi. Lamulo langa linali mphindi makumi atatu, osapitirira.

Tsiku lina anandilembera uthenga mayi wina dzina lake Esinati. Anati anachoka kuno kupita ku Joni kukadwazika bambo ake, a Damiyano Khwiliwa, amene anapita kumeneko ali mnyamata ndipo anali atakhalako zaka makumi anayi. Anati madalawo amamvera pulogalamu yanga ndipo akufuna alankhulepo nawo. Tinapangana Lachiwiri m'mawa. Esinati anawatchera foni yawo kuti izijambula, n'kutuluka kupita kukagula mankhwala.

Madala aja ankadziwa kucheza. Anandiuza za m'migodi, za ulonda, za kulima maluwa m'mayadi a azungu, za mvula ya ku phiri la Michesi imene ankailota mpaka ukalamba. Mawu awo anali okhuthala, oyenda pang'onopang'ono, ndipo asanayambe nkhani yatsopano ankakonza kukhosi kawiri, khm, khm. Titatha ola ndi theka anati, "Mwana wanga, ndacheza. Tsopano ndikupempha njira."

"Zikomo kwambiri bambo, tsalani bwino," ndinatero, chala chili kale pa batani lofiira.

"Iyayi, wotsala ndinu. Mlendo ndine. Mwandiitana ndinu, ndalowa m'nyumba mwanu, ndakhala pampando wanu. Kodi ku Chirimbako mlendo mumangomutsekera chitseko?"

Ndinaseka, iwo sanaseke.

"Kuno ku Joni zaka zonsezi palibe anandiperekezapo," anatero. "Ukangoti ndapita, geti limalira kumbuyo kwako. Tandiperekezani pang'ono, mwana wanga. Pang'ono pokha."

Ndinaona ngati masewera a nkhalamba, koma ndinanyamula foni ikujambulabe n'kutuluka nayo. Tinadutsa pampopi, tinatuluka pageti la malata. Iwo ankafunsa, "Apa tikudutsa pati?" Ine n'kumawauza kuti apa ndi pa mayi wa mandasi, apa ndi pa wowotcherera zitsulo, agalu akuuwawo ndi a kwa abusa. Mphepo inkaomba m'maikolofoni. Titafika pakamlatho ka ngalande, pamene njira yathu imakumana ndi msewu waukulu, anapumira m'mwamba.

"Basi mwana wanga, bwererani apa. Mwafika patali. Mukapereke moni kunyumba."

"Pitani bwino, bambo."

"Zimenezitu musachotse. Akwathu amve kuti Khwiliwa anaperekezedwa ngati munthu."

"Sindichotsa," ndinatero.

Fayilo yawo inafika madzulo omwewo. Ndinadula, ndinadula, mpaka nkhani inatsala mphindi makumi atatu ndi zinayi. Zinayi zapamwambazo zinali za kuperekeza kuja. Ndinazimvera kawiri. Mphepo, agalu, chitsulo cha wowotcherera chikulira, ine ndikupuma ngati ng'ombe. Ndinati izi zindichititsa manyazi kwa anzanga a ntchito. Ndinazidula, nkhani n'kuthera pamene madala anati ndacheza. Laputopu inali ikudandaula kuti yadzaza, ndiye mwa chizolowezi changa ndinafufuta mafayilo oyambirira onse, a mu laputopu ndi a pafoni, n'kukhuthulanso bini. Lachisanu masana pulogalamu inatuluka. Lamlungu Esinati anandilembera kuti bambo anatisiya Lachisanu lomwelo dzuwa likupendeka.

Ndinamva chisoni, inde, koma chisoni cha munthu amene wacheza naye kamodzi. Lolemba ndinalowa m'situdiyo kukagwira ntchito ina.

Choyamba chinali nsapato. Ndinkazivula pakhomo la nyumba yaikulu, monga mwa masiku onse. Potuluka m'situdiyo ndinazipeza pakhomo la situdiyoyo, zitayalidwa bwinobwino, zala zitaloza kugeti. Ndinati ndi Yankho, ngakhale Yankho nthawi imeneyo ankangokwawa. Ndinazibwezera. Masana ndinazipezanso pomwepo, zitaloza kugeti.

Lachiwiri Felesiya anagogoda cha m'ma teni ali ndi makapu awiri a tiyi pa thireyi.

"Abambo a Yankho, mlendo wanuyo amamwa wa mkaka kapena wopanda?"

"Mlendo uti?"

"Amene mwatsekerana naye kuyambira m'mawayu. Ndamva akukonza kukhosi."

Ndinamuuza kuti wamva za m'laputopu. Anayang'ana mahedifoni anali m'makutu mwanga, anayang'ana mpando wapulasitiki unali pakona, umene ndinkaikapo chikwama. Chikwamacho chinali pansi. Kapu yachiwiri anaisiya pafupi ndi mpandowo, ndipo potuluka anawerama pang'ono monga amachitira podutsa pamaso pa akuluakulu. Ndikuganiza kuti iye mwini sanadziwe kuti wawerama.

Lachitatu ndinatsegula pulogalamu ya a Khwiliwa kuti nditengemo kachidutswa kolengezera. Ndinaisiya ili mphindi makumi atatu, ndinaipeza ili makumi anayi ndi imodzi. Inu a ntchitoyi mukudziwa mmene mawu amaonekera pa sikirini, timapiri ndi tizigwa. Pamene madala anati ndacheza, timapiri tinatha, koma mzere unapitirira, wowongoka. Ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto. Simunali zii weniweni. Munali munthu wokhala pampando, wodikira mwaulemu, mpando n'kumalira pang'ono akasuntha. Kenako khm, khm. Ndinavula mahedifoni msangamsanga. Khm wachiwiri ndinamumva mahedifoni ali m'manja.

Ndikanakhala wanzeru ndikanazindikira pomwepo. Ine ndinadula mzere uja, n'kusunga fayilo, n'kuuza mtima wanga kuti laputopu yalowa kachilombo.

Lachinayi Felesiya anabereka mwana kupita kumsika. Ine ndinalowa m'situdiyo cha m'ma leveni kukatenga chaja basi. Chitseko chinatsekeka kumbuyo kwanga, pang'onopang'ono, osamenyetsa. Ndinagwira chogwirira, chinazungulira bwinobwino, koma chitseko osasuntha. Chitseko chimenecho chinalibe loko, ndinkachitseka ndi njerwa. Ndinakankha ndi phewa, ndinaponda ndi mwendo. Ndinakuwa, koma ndinali nditamata ndekha makoma aja kuti mawu asatuluke, ndipo ntchito ndinaigwira bwino. Magetsi anali atazima. Kuwala kunali kwa laputopu kokha, ndipo pa sikirini mzere uja unali ukutalika ndikuona, ngati nyerere zikuyenda.

Kunkatentha, thukuta linkalowa m'maso. Pakona paja sindinayang'anepo, ndipo musandifunse chimene chinalipo. Ndinkangodziwa kuti mpando suli wopanda munthu, monga umadziwira m'minibasi kuti wina wakhala pambali pako ngakhale uli chitsinzinire. Munkamveka fungo la mafuta opaka a anthu odwala ndi jekete yosungidwa nthawi yaitali m'sutikesi. Ndinakhala pansi nditatsamira chitseko, maondo ali pachifuwa. Ndinachita mantha, abale, mantha oti munthu wamkulu n'kuyamba kuitana amake.

Patapita maola awiri kapena atatu foni inalira. Anali Esinati.

"Achimwene, tili pachipata cha Mwanza ndi thupi la bambo. Lero ndi tsiku lachitatu. Mapepala onse atha, koma galimoto yakana kulira."

"Amakaniko aiona?"

"Awiri. Akuti palibe chovuta. Atsibweni alankhula ndi bokosi, awauza bambo kuti tiyeni kwanu, anthu akudikira, manda akumbidwa kale. Palibe chachitika." Anayamba kulira. "Inu ndi amene munacheza nawo komaliza nthawi yaitali. Mutatha kucheza anandiuza kuti lero ndakacheza ku Blantyre. Kodi anakuuzani kanthu kamene ife sitikukadziwa?"

Ndisanayankhe netiweki inaduka. Koma yankho ndinali nalo. Madala anali asanachoke m'nyumba mwanga. Ndinawalowetsa, ndinawakhazika, ndipo njira imene anatulukira ndinaidula n'kuitaya. Ndinafufuza m'bini, m'mafoda onse, pafoni. Munalibe kanthu, ntchito yanga yofufuta inalinso yaukhondo.

Ndiye ndinaimirira n'kulankhula ndikuyang'ana pansi. "Bambo Khwiliwa, pepani ndakuchedwetsani. Tiyeni ndikuperekezeni."

Mpando unalira ngati munthu wadzukapo. Chitseko chinatseguka ndisanachikhudze. Nsapato zanga zinali pakhomo, ndipo ndinazivala.

Dzuwa linali lowala bwino, ana akusewera mpira, zonse zili m'malo mwake. Tinadutsa pampopi, tinatuluka pageti. Mayi wa mandasi, amene tsiku lililonse ankandikuwira moni, anangondiyang'ana n'kugwira pakamwa. Agalu a kwa abusa sanauwe. Foni inanjenjemera m'thumba, uthenga wa Esinati: galimoto yalira, tanyamuka. Mtima unakhala pansi. Ndinati zatheka.

Pakamlatho paja ndinaima n'kudikira. Mukudziwa mwambo wake, woperekeza sabwerera yekha, amadikira mlendo amuuze. Ndinadikira. Khm, khm, pafupi ndi khutu langa lamanzere, kenako zii. Ndinati, "Pitani bwino, bambo," n'kufuna kutembenuka. Thupi linakana. Sikunali kupweteka ayi, miyendo inangokhala ngati ndabwereka kwa munthu wina. Kutsogolo inkayenda mopepuka, kumbuyo ngakhale phazi limodzi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti madala alibe mawu ondibwezera. Mawu amene anatsala nawo ndi amene ine ndinawasiyira, ndipo oti bwererani apa ndinali nditawataya.

Tinayenda. Tinadutsa pa Kameza n'kulowera msewu wa ku Lunzu. Ndinaimitsa wa kabaza kuti mwina njinga ingandibweze, iye anayang'ana kumbali kwanga n'kuti, "Awiri sindinyamula, bwana, apolisi ali patsogolopa." Amuna ena amene ankakonza tayala m'mbali mwa msewu anaimirira n'kuvula zipewa tikudutsa. Amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda. Palibe anandifunsa kanthu. Ndinkafuna wina andigwire dzanja, andikokere kumbuyo, koma anthu ankangopatuka.

Ku Lunzu ndinafika zidendene zitatupa matuza. Minibasi yokoka ngolo, yokhala ndi nthambi zaziwisi kutsogolo, inabwera kuchokera ku Zalewa n'kuzima yokha pamene ndinaima. Dalaivala anamenya chiwongolero ndi manja onse awiri. Mayi wina wovala chitenje chakuda anasuzumira pawindo.

"Pepani, kodi ndinu a Esinati?" ndinafunsa.

Anandizindikira mawu. "Achimwene a pa pulogalamu! Mwadziwa bwanji kuti tidutsa nthawi ino?"

"Ndaperekeza bambo," ndinatero. Atsibweni awo, munthu wa imvi, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasendera kundipatsa malo. Anasendera malo a anthu awiri. Nditangokhala, injini inalira.

Njira ya ku Phalombe inadutsanso ku Chirimba. Ndinaona kamlatho kathu, ndinaona denga la nyumba yanga, ndinaona matewera a Yankho ali pachingwe. Pakamwa panatseguka kuti ndinene kuti nditsika, mawu osatuluka. Ndinalira ngati mwana, ndipo anthu a m'galimotomo ankati ndikulira maliro.

Tinaika maliro Loweruka. Ndinaponya nawo dothi, ndinasamba nawo m'manja, ndinati tsopano mlendo wafika kwawo. Lamlungu ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Titangopitirira pa Migowi inazima. Anthu anatsika kukankha, inakana. Ine nditatsika n'kuima pambali, inalira. Nditakweranso, inazima. Kachitatu kondakitala anandibwezera chikwama changa mwaulemu n'kuti, "Akulu, inu tsalani." Ndinayesa wapansi. Pamalo omwewo miyendo inaima, ndipo njira yokhayo imene inavomera inali yobwerera kumudzi kuno.

Banja la a Khwiliwa landisunga bwino, sindinganame. Anandipatsa kanyumba aka. Ayesanso zonse. Abusa anabwera kudzapemphera. Akuluakulu anakathira ufa kumanda n'kuwauza madala kuti mwanayu mmasuleni. Esinati anaima pamtumbira n'kunena m'malo mwa bambo ake kuti bwererani, mwafika patali. Sizinathandize, mlendo wanga sanali Esinati.

Mwezi woyamba ndinkafika pa Migowi, n'kumakagula mayunitsi ndekha. Mwezi wachiwiri miyendo inayamba kuima pamlatho, Migowi ndikumuonera patali. Kenako pasukulu. Poyamba sindinamvetse, mpaka tsiku lina ndinakhala pansi n'kujambula pa dothi malo onse amene ndaimapo. Ndinaona kuti akundisendeza mbali imodzi, cha ku mitengo yowirira iyo mukuiona kuseri kwa mundawo. Ulendo wa madala sunathe, ndipo woperekeza akadali nawo.

Felesiya anandibweretsera laputopu. Ndinachita chimene munthu wa ntchito yathu angachite. Ndinatola timawu m'nkhani ya madala, apa kachidutswa, apo kachidutswa, n'kusoka chiganizo chija choti bwererani apa mpaka chinamveka ngati chenicheni. Munthu wamoyo sakanazindikira. Ndinakachiliza pasukulu paja. Sabata imeneyo malire anga anadumpha kuchoka pasukulu kufika pamjigo, mtunda umene ukanatenga miyezi iwiri. Kuyambira pamenepo laputopuyo sindinaitsegulenso.

Felesiya amabwera mwezi ukatha. Yankho anayamba kuyenda ine kulibe. Ulendo wathawu anabisala kuseri kwa chitenje cha amake, ndipo atamukakamiza kundipatsa moni anati, "Moni amalume." Zimenezo zinandipweteka kuposa matuza a ku Lunzu.

Ndikuona achimwene mwakhala mukufuna kufunsa, ndipo funso lanu ndi la munthu wodziwa ntchito. Inde, madala anajambula mbali yawo pafoni yawo. Fayilo yoyambirira, yosadulidwa, inatsala mmenemo. Ndinamufunsa Esinati tsiku lomwe minibasi inandikana. Anakhala pansi n'kufunda chitenje kumutu.

"Achimwene, bambo ananena kuti foni imeneyo ndi imene inawafikitsa kwawo asanafe, ndiye isawachoke. Tinaiika m'thumba la jekete imene anavala. Bokosi analitsekera ku Joni konko."

Ndinapempha kuti tifukule. Atsibweni anati m'mudzi muno chiyambire sanafukulepo munthu, ndipo sayambira pa m'bale wawo amene wangofika kumene patatha zaka makumi anayi. Sindiwada. Munthu anapempha chinthu chimodzi chaching'ono, ine ndinavomera ndi pakamwa panga, kenako ndinachitaya chifukwa cha agalu ndi mphepo.

Chimanga chapsa, tengani mudye m'njira, dzuwa lapendeka ndipo minibasi zomaliza sizidikira. Ndikuperekezani, koma mundikhululukire, ndikafika pamtengo wa mango uwo basi. Mwezi watha ndikanakufikitsani pamjigo. Kamakinako musazimitse mpaka titafika, ndipo tikafika mundiuze mokweza kuti ndibwerere, aliyense ndi pakamwa pake. Sizindimasula ayi, koma ndimakonda kuwamva.

Musandiyang'ane choncho, achemwali. Mawu enieniwo ndidzawamva ndithu. Ali m'thumba la jekete, sanadulidwe ngakhale pamodzi. Lamlungu lapitali ndinawerenga mapazi kuchokera pamtengo wa mango kukafika pamene agona madala, ndipo atsala mazana awiri ndi khumi.